Chipinda cha Apongozi

Kuseri kwa nyumba yanga kuli khoma la njerwa zofiira limene alendo ochokera mumzinda amalijambula akabwera kudzaona kamudzi kathu. Amati ndi lakalekale, ndipo sanama. Koma chigawo chapakati, pamene patupa pang'ono ngati mimba ya munthu wokhuta, ndinamanga ndine ndi manja angawa, pokakamizidwa ndi khonsolo. Ana anga amaikonda nkhani imeneyi tikakumana pa Khirisimasi. Ndimaseka nawo mpaka pena pake, kenako ndimanyamuka kukatereka madzi a tiyi.

Ku Mangalande kuno ndinafika chothawa. Kwathu ndinali kalaliki wamkulu mu ofesi ina ya boma ku Zomba, munthu wa tayi, woti amesenjala ankandilandira chikwama pachipata. Ndale zitatembenuka, anzanga amene ndinkamwa nawo tiyi anayamba kusowa mmodzimmodzi, ndipo ndinaona kuti ndisadikire tsiku langa. Kuno tayi uja anagona m'sutikesi. Ntchito imene ndinapeza inali yokankha odwala pa tirole m'chipatala chachikulu cha ku Romford, kumene akazi anga, mayi a Grace, ankagwira ntchito ya unamwino. (Pantchito iwo anali bwana wanga. Za kunyumba musafunse.)

Titatopa ndi kupanikizana m'zipinda za lendi ku Ilford, tinagula kanyumba m'kamudzi kena kumpoto kwa Romford, kumene basi imatembenukira. Pali tchalitchi cha miyala, bwalo la kapinga, ndi tinyumba takale topendekeka. Kathu kanali kotchipa chifukwa cha chinyezi. Anthu akuda m'mudzi monse tinali ife tokha, ndipo moni wa anansi athu unali wogwedeza mutu pang'ono osaima.

Ndikuuzeni mmene kanyumbako kanamangidwira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kumwamba kuli tizipinda tiwiri, kathu ndi ka ana. Masitepe ake ndi otsetsereka kwambiri ndipo amatsikira pabalaza penipeni. Kuchoka pabalaza umalowa kukhitchini, ndipo kuseri kwa khitchini ndi kumene kuli bafa ndi chimbudzi. Munthu wogona kumwamba sangapite kulikonse osadutsa pabalaza.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 tinamva kuti apongozi anga, a Nambewe, ali ku Chipata. Amuna awo anali atamwalira, mwana wawo wamwamuna, Yohane, ali m'ndende popanda mlandu. Iwo anawoloka malire ku Mchinji ngati akupita kumaliro, osabwereranso. Achibale anawasunga, koma maondo anali atatha ndipo chifuwa sichinkawapatsa mpata. Mayi a Grace anati abwere. Ine ndinavomera msanga, kenako ndinayang'ana masitepe aja.

Inu okulira kwathu mwamva kale vuto lake. Kwa inu obadwira kuno: mkamwini wolongosoka sakhala chipinda chimodzi ndi apongozi ake aakazi, sadya iwo akuona, ndipo akakumana nawo panjira amapatuka. Si chidani ayi, ndi ulemu. Anthu ambiri a m'tauni anali atafewetsa kale zimenezi, koma a Nambewe sanali a m'tauni. Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanaonepo nkhope yawo mwachindunji. Tsopano ankabwera m'nyumba imene malo okha oti angagone anali pabalaza, pansi pa masitepe anga.

Nzeru inali yapafupi: kumanga kachipinda kuseri, ka khomo lake ndi chimbudzi chake. Ndinang'amba pepala m'kope la masamu la Grace, ndi kujambula pulani ndi rula. Ndinafukula tayi uja, ndi kukwera basi kupita ku khonsolo. Mumtima ndinkati za boma ndimazidziwa, ine ndinali boma.

Amene anandilandira anali mnyamata wa tsitsi lofika m'mapewa, loti kwathu akanam'meta pabwalo la ndege. Dzina lake anali Pike. Ndinapempha kuonana ndi bwana wake. Anati nkhani za mudzi wathu amaona ndi iyeyo. Anayang'ana pulani yanga mwaulemu, akuitembenuza uku ndi uku.

"Denga mukufuna kufolera ndi chiyani?" anafunsa.

"Malata," ndinayankha monyadira. "Atsopano."

Anatseka maso pang'ono ngati wamva dzino. Kenako anandifotokozera kuti kamudzi kathu ndi kamene iwo amati conservation area, dera limene lamulo limafuna kuti lizioneka monga linkaonekera makolo awo ali moyo. Kumeneko munthu sumanga, sugwetsa, sudula mtengo, popanda chilolezo. Panafunika pulani ya katswiri, matailosi adongo ofanana ndi akale, zenera la matabwa. Panafunikanso kumata chidziwitso pageti kuti anansi anene maganizo awo.

"Koma nyumbayo ndi yanga," ndinatero.

"Ndi yanu ndithu. Maonekedwe ake ndi a tonse."

Ndili m'basi pobwerera ndinkangopukusa mutu. Kwathu munthu akapeza bwino amagwetsa nyumba yakale n'kumanga ya malata. Kuno akapeza bwino amagula nyumba yakale n'kumaiopa.

Ndinachita zimene ananena, kupatula za katswiri, poti ndinaona kuti rula yanga inali yowongoka bwino. Chidziwitso chitangomatidwa, bungwe losamala zamakedzana za m'mudzimo linaitanitsa msonkhano mu holo. Mlembi wake anali mnansi wanga, Mayi Hollis, wamasiye wamtali wowonda, woyenda ndi kagalu. Anandipempha kuti ndikafotokoze chifukwa chimene ndikufunira chipindacho. Ndinasangalala. Kulankhula pagulu kunali ntchito yanga.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinkachidziwa, poti pa wailesi yakanema ndinkangoonera nkhani basi. Masiku amenewo anthabwala a dziko lino ankadyera kunyoza apongozi awo. Mzungu ankangomva mawu oti apongozi, mano ali kale pamtunda.

Ndinaimirira, ndi kukonza tayi, ndi kuyamba m'Chingerezi changa chabwino cha ku Zomba. Ndinati, "Amayi ndi abambo, ine sindingakhale chipinda chimodzi ndi apongozi anga. Ndikakumana nawo panjira, ndiyenera kuthawira kutchire."

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. Bambo wina wonenepa kumbuyo anakuwa kuti ndimangirenso apongozi ake. Ine ndinaganiza kuti anthu andilandira, ndiye ndinaonjezera moto. Ndinati sindingadye iwo akundiona. Ndinati akamalankhula ndimayang'ana kumbali. Ena anayamba kupukuta misozi, wina kumenya mpando. Nditatembenuka kuti ndione ngati mayi a Grace akunyadira, ndinangoona chitseko chikutsekeka.

Amene sanaseke anali Mayi Hollis. Analemba kuti wopemphayo sanapereke chifukwa chenicheni, wangochita nthabwala. Patapita miyezi, khonsolo inakana, ndi kunena kuti ndingapemphenso ndi pulani yoyenera. Mayi a Grace, amene sanandilankhule bwino kuchokera tsiku la msonkhano, anangoti, "Mwagulitsa amayi anga kuti azungu aseke, ndipo chipinda simunapeze."

A Nambewe anafika nthawi yozizira, atafunda zitenje ziwiri pamwamba pa juzi. Anali mayi wamfupi, woyenda ndi ndodo, wosachulutsa mawu. Tinawayalira bedi pabalaza. M'mawa woyamba mayi a Grace anandiuza kuti, "Kuno ndi ku London, ingodutsani." Ndinatsika masitepe nsapato zili m'manja. Apongozi anandimva, anatembenukira kukhoma, ndi kudzifunditsa bulangete mpaka kumutu. Tsiku limenelo sanadye kanthu.

Choncho ndinagula makwerero. M'mawa uliwonse ndinkatulukira pazenera la kuchipinda kwathu, kutsikira kuseri, n'kulowa kubafa kudzera khomo la kukhitchini. Madzulo ndinkakwera momwemo, mbale ya chakudya ili m'dzanja limodzi. (Bambo wa ana awiri, mwini nyumba, kulowa kwake pazenera.) Sabata yoyamba wina anaitana apolisi kuti waona wakuba. Wapolisi atamva chifukwa chake, nayenso anaseka, n'kundisisita paphewa. Ana anga ankachita manyazi kusukulu. Grace ndikam'funsa m'Chichewa ankayankha m'Chingerezi kuti anzake amanditcha wozimitsa moto.

Apongozi sankandilankhula ine, ankatuma mwana wawo, ngakhale ndili kukhitchini ndikumva zonse. "Uwauze bambo a Grace kuti makwerero awowo adzawapha, ndipo anthu adzati ndine." Koma zoseketsa zinathera pomwepo. Mayi a Grace anazindikira kuti amayi awo asiya kumwa madzi ine ndikakhala pakhomo, kuopa kukumana nane panjira ya kuchimbudzi. Ankakhala pakona ya bedi tsiku lonse, manja ali pamiyendo, ngati munthu wodikira basi. Anayamba kuwonda. Tsiku lina ndinawamva akunena chapansipansi kuti, "Ndibwezeni ku Chipata, ndasandutsa mwini nyumba kukhala mlendo." Kubwerera kunali kosatheka, ndipo onse awiri ankadziwa.

Ndinapeza katswiri ndi kupemphanso chilolezo, koma Pike anati komiti ili ndi zambiri, ndidikire. Dzinja linatha, chilimwe chinafika, ndikudikirabe.

Apa ndi pamene a Tembo analowerera. A Tembo anali a ku Zambia, oyendetsa basi, ndipo tinkakumana kumapemphero a anthu akwathu ku Edmonton. Anali munthu wamtima wabwino wodziwa chilichonse.

"Mudala, imwe muvutika chabe," anandiuza titatuluka m'mapemphero. "Ine ninamanga garaja kwanga, kulibe ananifunsa. Kuno ukamanga, n'kupita zaka zingapo osakugwira, ninshi nkhani yapita. Manje pa bank holiday ma ofesi yonse ni yotseka. Tibwera tonse, timanga, pofika Lachiwiri amai ali mukati."

Ndinati kwathu kuja ndi conservation area.

"Konsaveshoni ni ya kutsogolo kwa nyumba. Kumbuyo aona ndani?"

Munthu amene wakwera makwerero miyezi yambiri amamva msanga mawu otere. Mayi a Grace sindinawauze mpaka zonse zitakonzeka, ndipo atamva anangoti iwo salowamo.

Pa tchuthi cha kumapeto kwa Ogasiti amuna a kumapemphero anafika m'mawa ndi makasu, mafosholo ndi wilibala. Mwayi unali wathu, poti Mayi Hollis anali atapita kwa mchemwali wawo kunyanja. Lole ya mchenga ndi mabuloko inaima m'kanjira ka kuseri, koma pakati pa kanjirako ndi bwalo langa panali khoma lija, lalitali kuposa munthu, lopanda geti. Kuzungulira kutsogolo kukanatanthauza kudutsitsa zonse m'kampata kopapatiza ka m'mbali mwa nyumba, pamaso pa apongozi ndi pamaso pa mudzi wonse.

A Tembo anapita pakhomapo, n'kukanda pakati pa njerwa ndi chala. Dothi lomangira linayoyoka ngati chigumu.

"Onani, ni vovunda ivi. Tiwathandiza chabe."

Anamenya ndi hamala yaikulu, ndipo khoma silinalimbane nawo n'komwe. Posakhalitsa panali mpata woti ng'ombe ziwiri n'kudutsa mogundana. Njerwa zinaunjikana pansi, ndipo ine, munthu wodana ndi kuwononga, ndi amene ndinapereka maganizo oti tiziponye m'maziko n'kuthirapo konkire. (Izi ndimakonda kuzisiya ana akamafotokoza nkhaniyi. Iwo amati anali a Tembo.)

Tinagwira ntchito tikuimba nyimbo za kutchalitchi motsitsa mawu. Pofika Lolemba madzulo makoma anali atafika pamwamba pa zenera. Apongozi anaonerera zonse ali pazenera la kukhitchini. Mayi a Grace anandiuza pambuyo pake kuti amayi awo anamwetulira koyamba chifikire, ndipo analoza mbali imene ankafuna kuti bedi lawo lidzayang'ane.

Denga sitinafike. Patangopita masiku ochepa, tsiku limene sindinali pantchito, ndikuunjika matumba a simenti m'chipinda chatsopanocho, ndinasuzumira m'mbali mwa nyumba ndi kuona munthu wa chikhothi chachitali ndi chikwama akutsegula geti, Mayi Hollis ali pambuyo pake. Mutu wanga unadziwa kuti kuno ndi ku London. Thupi silinadziwe. Linakumbuka za ku Zomba, za anthu a zikhothi amene akalowa mu ofesi wina sankabwereranso pa desiki yake. Ndinapezeka ndagona pansi kuseri kwa matumba aja, nditadzifunditsa lona.

Akazi anga anali kuntchito, ana kusukulu. Amene anatsegula chitseko anali apongozi, osadziwa Chingerezi ngakhale liwu limodzi. Ndinamva kuyankhulana kosamvana. Kenako ndodo, pang'onopang'ono, kudutsa kukhitchini, kutsika pabwalo, mpaka pakhomo la chipinda chija. Ndinasuzumira pansi pa lona. Anali ataima chondifulatira, akuyang'ana kumwamba.

"Bambo a Grace," anatero. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kundilankhula ine mwini. "Tulukani. Ogwira anthu ine ndinawaona pamene anadzatenga Yohane. Sabwera mmodzi, ndipo sapukuta nsapato pakhomo. Uyu wapukuta."

Ndinatuluka ndili mbuu ndi simenti kuyambira kumutu. Munthu wa chikhothi uja anali Pike, atameta tsitsi. Sanandifunse chimene ndinkachita pansi pa lona. Anayang'ana chipinda, anayang'ana mpata uja, ndi kufunsa modekha kuti, "Njerwa za khomali zili kuti?"

Ndinaloza pansi pa mapazi ake.

Ndinkayembekeza kuti Mayi Hollis akalipa. Sanakalipe. Anagwada pa zinyalala, anatola kachibenthu ka njerwa, n'kuyamba kulira mwakachetechete. Pike ndi amene anandiuza kuti khomalo linali chotsala chokha cha munda wa nyumba yaikulu imene inapsa kalekale, ndipo ndi chifukwa cha khoma lomwelo kuti mudziwo unayamba kutetezedwa. Amuna a Mayi Hollis ndi amene anamenyera nkhondo zimenezo asanamwalire. Pa zinthu zonse za m'mudzimo, ine ndinasankha chimenecho.

Lamulo linabwera msanga kuposa chilolezo chilichonse. Chipinda chigwetsedwe. Khoma libwezeredwe ndi njerwa zake zomwezo, zomangidwa ndi laimu monga kale, osati simenti. Ndikakanika, kukhoti. Kwa munthu wothawa kwawo, amene mapepala ake okhalira m'dziko amadalira mbiri yabwino, mawu oti khoti salola tulo. A Tembo atamva anati, "Vimachitika, mudala," ndipo kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankapezeka kuti ali pa shifiti.

Ndinagwetsa ndekha makoma amene tinamanga tikuimba. Kenako ndinayamba kuswa konkire kuti ndifukule njerwa imodziimodzi. Zambiri zinatuluka zothyoka. Iliyonse inafunika kuipala simenti yonse mosamala, chifukwa ukamenya kwambiri inkaphwanyika. Masamba anayoyoka m'mitengo, chisanu chinayamba, ine ndili pomwepo tsiku lililonse ndikaweruka kapena ndisanapite kuntchito. Zala zinang'ambika. Anthu odutsa m'kanjira ankangosuzumira pampata uja n'kupitirira.

Tsiku lina ndinamva ndodo ija kumbuyo kwanga. Apongozi anatuluka atavala chikhothi cha mwana wawo, bulangete m'mapewa, mpeni wakale wa kukhitchini uli m'manja. Anakhala pa kireti chondifulatira, anakoka njerwa imodzi, n'kuyamba kupala.

Ndinayenera kuwaletsa. Ndinkagwira ntchito m'chipatala, ndipo chifuwa chawo ndinkachimva usiku uliwonse kudzera m'matabwa a pansi. Koma apongozi umawaletsa bwanji? Ndinayang'ana khoma ndi kuliuza kuti, "Lero kukuzizira kwambiri."

Iwo anauza mtengo umene unali patsogolo pawo kuti, "M'nyumbamo ndatopa kuwerenga mitanda ya kudenga."

Mayi a Grace atamva anakalipa, koma amayi awo ankangodikira kuti apite kuntchito. Tinagwira choncho masabata ambiri, msana kuyang'ana msana, ine ndikulankhula ndi khoma, iwo ndi mtengo. Anandiuza za Yohane ali mwana, mmene ankabera nzimbe m'dimba la atsibweni ake. Anandiuza kuti pamene ndinkafunsira mwana wawo iwo sanandifune, poti ndinkalankhula ngati wailesi. Anafunsa ngati ndimaganiza kuti tidzabwerera kwathu, ndipo ndinanama kuti inde. Dzanja lawo linali lofewa pa njerwa kuposa langa, sanaswe ngakhale imodzi. Ndinene zoona, pa zaka zanga zonse za kuno, masiku amene ndinamva kuti ndili ndi kwathu anali amenewo, ndili chogwada m'matope.

Khoma linatha chakumapeto kwa Januwale. Pike anabwera, anaona potupa paja, anapumira m'mwamba, n'kuvomereza. Sabata yomweyo chifuwa cha apongozi chinasintha kamvekedwe. Anakana kupita kuchipatala mpaka tsiku limene analephera kudzuka.

Ambulansi inawafikitsa ine ndili pantchito. Anandiitana kuti ndikatenge wodwala kupita naye kuwodi, ndipo nditafika ndinapeza ndi iwo. Anzanga onse anali otanganidwa. Ndinagwira tirole. Atandizindikira anakoka nsalu n'kuphimba nkhope, ndipo ndinawakankha choncho m'khonde lalitali lija, anthu akupatuka mwaulemu poganiza kuti ndanyamula maliro. Titafika pokhota, mawu anatuluka pansi pa nsalu. "Pang'onopang'ono, bambo. Sitikuthawa."

Anamwalira m'sabata yomweyo, mwana wawo ali pambali. Madokotala anati chinali chibayo, ndipo anati pa msinkhu wawo chikanatha kubwera ngakhale akanakhala m'nyumba. Mayi a Grace sananenepo kuti ndine ndinachititsa. Sananeneponso kuti si ine.

Kutumiza thupi kumudzi kunali kosatheka. Apongozi anachoka kwathu mozemba, ndipo panalibe wa ife amene akanaperekeza n'kubwerako. Tili m'kati mosowa chochita, Mayi Hollis anagogoda pachitseko atanyamula keke. Anaima pakhomo osalowa, n'kunena kuti alankhula ndi wansembe, ndipo munthu aliyense womwalira akukhala m'mudzimo ali ndi ufulu woikidwa pamanda a tchalitchi chakale chija. Anati ali pazenera la kwawo ankawaona mayiwo akupala njerwa. Anapereka keke n'kubwerera.

Tinawaika kumeneko, pakati pa azungu amene anamwalira agogo a agogo athu asanabadwe. Anthu akwathu anabwera kuchokera ku Ilford ndi ku Edmonton, ndipo nyimbo zathu zinamveka pabwalo la kapinga lija kwa nthawi yoyamba, tsopano mokweza. A Tembo ananyamula nawo bokosi, ndipo analira kuposa tonse. Chilolezo cha chipinda chinafika maliro atapita, chololeza kachipinda kakang'ono ka matailosi adongo ndi zenera la matabwa. Sindinamange. Makwerero ndinapatsa woyeretsa mazenera.

Mungaganize kuti zilolezo zinathera pamenepo. Nditapita kwa wansembe kukanena za chiliza, anatulutsa malamulo ake. Manda a simenti ngati akwathu saloledwa. Mwala ukhale wa mtundu wakuti, wotalika mwakuti. Mawu olembapo avomerezedwe ndi akuluakulu a mpingo. Ndinapempha kuti tilembepo m'Chichewa, ndipo yankho linabwera loti dzina ndi zaka n'zokwanira, koma tikafuna vesi likhale la m'Chingerezi kuti aliyense athe kuwerenga. A Nambewe, amene Chingerezi sankachimva, akanagona pansi pa mawu oti sangawazindikire. Tinasankha dzina ndi zaka basi.

Ulendo uno ndinachita zonse mwa dongosolo. Ndinapempha, ndinadikira dothi kuti likhazikike, ndinadikira yankho, sindinafunse nzeru kwa a Tembo. Mwala unaikidwa, ndipo wansembe anandiyamikira chifukwa cha kuleza mtima kwanga. Ndinavomera ndi mutu.

Masana ena pakati pa sabata ndinapita kumandako ndi maluwa m'manja, tchizulo ndi kahamala zili m'thumba la chikhothi. Ndinagwada kuseri kwa mwala, ndinakankhira udzu pambali, ndipo m'munsi mwenimweni, pafupi ndi dothi, ndinagoba liwu limodzi: PEPANI. Mwala wake unali wolimba, ndipo ndinkaima kawirikawiri kuyang'ana ngati kukubwera munthu. Nditamaliza ndinabwezera udzu. Choncho mukandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu, ndinaphunzira ndithu kupempha chilolezo, kupatula pamene ndikudziwa kuti akana.

Mayi a Grace anaona zimenezi patapita miyezi, tsiku lina tikuzula udzu. Anakhala chogwada nthawi yaitali, chala chili pa zilembozo. Ine ndinaima patali ndikudikira.

"Mwalemba mokhota," anatero pomaliza.

Ndinati ndingathe kubwera ndi tchizulo kudzawongola.

"Ayi," anayankha akudzuka, n'kundigwira mkono kuti atsamire. "Inu musakhudzenso chilichonse m'mudzi muno."